Funso la League of Nations pa moku: ndasochera kapena anzanga akungondiopseza?

Membala wobisa dzina:

Aadimini ndibiseni dzina chonde, anzanga amene ndikuwanenawa ali momwemuno.

Ndili folomu 4 pa CDSS ina. Sabata yathayi tinalemba History ya moku ndipo chitulukireni m'holo mtima sukukhazikika. Pa gawo la ma essay ndinasankha funso loti tifotokoze zifukwa zimene League of Nations inalepherera kusungitsa mtendere padziko. Mutuwu ndimaukonda, moti nditaliona funsolo ndinangoti zikomo Ambuye.

Chiyambi ndinalemba mwachidule, kuti League, bungwe la mayiko losungitsa mtendere, inayamba mu 1920, likulu lake linali ku Geneva, ndipo amene anaumirira kuti ikhalepo ndi Woodrow Wilson, pulezidenti wa America. Kenako ndinalowa nkhani ya Manchuria, dera la ku China: mu 1931 asilikali a Japan anaphulitsa njanji pafupi ndi Mukden n'kunamizira Matchaina, analanda dera lonse n'kulitcha Manchukuo. League inatuma Lord Lytton kukafufuza, lipoti lake linatuluka patatha chaka, ndipo mayiko atalivomereza Japan inangonyamuka n'kutuluka mu 1933. Nditatero ndinapita ku Abyssinia (Ethiopia). Mussolini, mtsogoleri wa Italy, analowa m'dzikomo mu Okutobala 1935, League inapereka zilango za malonda koma mafuta sanawakhudze, ngalande ya Suez sinatsekedwe, Hoare ndi Laval, nduna za Britain ndi France, anapangana mwamseri zomugawira Mussolini gawo lalikulu la dzikolo, Addis Ababa inagwa mu Meyi 1936, ndipo mfumu ya dzikolo Haile Selassie anakadandaula yekha ku Geneva. Ndinatsiriza ndi Hitler kulowetsa asilikali mu Rhineland, dera la Germany limene linali loletsedwa kukhala ndi asilikali, chaka chomwecho. Dzanja mpaka linachita dzanzi.

Titakumana pa gulu lathu lokambirana, onse amene anasankha funsoli analemba mfundo za m'manotsi: America kunalibe, League inalibe asilikali, zinthu zinkafuna kuti onse agwirizane, Britain ndi France ankangoona zawo, mavuto a zachuma a 1929. Mnyamata amene amatitsogolera akuti ine ndinalemba nthano osati yankho, ndipo ndisayembekezere kanthu. Koma iyeyo mu essay yake yonse mulibe chaka ngakhale chimodzi, komanso analemba kuti America inatuluka mu League. Ndikamuuza kuti sinalowemo n'komwe akukana.

Aphunzitsi amene muli muno, wolondola ndani? Ndipo pofika MSCE ndizilemba bwanji?

Wa folomu 4 mnzako:

Aise pepala likapita lapita. Ife kwathu tinaletsa kukambirana mayankho, ukangoyamba timakuthawa. Werenga za mawa.

Mphunzitsi wa History (Dedza):

Za mayeso enieniwo ndikugwirizana naye wapamwambayu, koma moku cholinga chake n'chomwechi, kuti mukangane pano nthawi ikadalipo.

Mwana wanga, simunasochere, koma mnzanuyo sakunama kwenikweni. Zonse mwalembazo n'zoona ndipo zaka zili m'malo mwake. Vuto ndi loti zifukwa zimene funso likufuna zili m'kati mwa nkhani zanuzo, simunazitulutse. Mwandipatsa mtedza wosasenda, pomwe ine wochonga ndili ndi mulu wa mapepala patebulo ndipo ndikusaka chiganizo chonena kuti League inalephera chifukwa cha chakutichakuti. Ine ndikamachonga a m'kalasi mwanga, pepala ngati lanuli sindilipatsa ziro, ndimatolamo zimene zikuoneka, koma silifika pamwamba.

Taonani zimene muli nazo kale. Mwati mafuta sanawaike pa zilango. Chifukwa chiyani? Chifukwa chimodzi n'choti America sinali membala, ndiye ngakhale mayiko a mu League akanaleka kugulitsa, Italy ikanagulabe ku makampani a ku America. Imeneyo ndi mfundo ya kusowa kwa America, ndipo muli ndi umboni umene mnzanuyo alibe. Mwati Suez sinatsekedwe, mwatchulanso Hoare ndi Laval. Britain ndi France sankafuna kumukwiyitsa Mussolini chifukwa ankamufuna kumbali yawo polimbana ndi Hitler, anali atangokumana ndi Mussoliniyo ku Stresa mu Epulo 1935. Imeneyo ndi mfundo ya kudzikonda kwa mayiko akuluakulu. Mwati lipoti la Lytton linatenga chaka, apo mwaonetsa kuchedwa kwa League pochita zinthu. Japan itakana kuchoka ku Manchuria palibe anaikakamiza, chifukwa League inalibe asilikali akeake ndipo palibe dziko linali lokonzeka kutumiza ake kutali konseko. Komanso Japan ndi Italy onse anali ndi mipando yokhazikika mu Council, komiti yaikulu ya League, ndiye kuti olakwawo analinso pakati pa oweruza.

Mwaona? Mfundo zinayi kapena zisanu zatuluka m'ndime ziwiri zanu zomwezo. Mungotembenuza: chifukwa chizikhala chiganizo choyamba cha ndime, chitsanzo ndi chaka zizibwera pambuyo kudzachitira umboni, ndipo mzere womaliza uzinena mmene zimenezo zinafooketsera League. Nkhani ya njanji ya ku Mukden ikwane mzere umodzi basi.

Za America muwauze anzanuwo kuti akonze msanga. Nyumba ya malamulo ya Senate ya ku America inakana kuvomereza pangano la Versailles, limene linakhazikitsa League, mu 1919, inakananso mu 1920, ndiye dzikolo silinakhalepo membala. Amene anatuluka ndi Japan ndi Germany mu 1933, kenako Italy mu 1937. Soviet Union inalowa mu 1934 ndipo inachita kuchotsedwa mu 1939 italowerera Finland.

Membala wobisa dzina:

Zikomo kwambiri madamu. Ndiye kuti bola ndingoloweza mfundo za m'manotsi ngati anzangawa? Ine zimandivuta, ndimakumbukira zinthu zikakhala nkhani.

Mphunzitsi wa History (Dedza):

Ayi, musasiye. Amene amangondandalika kuti inalibe asilikali, fulusitopu, watchula chabe, sanafotokoze. Funso likati explain, likufuna kuti muonetse mmene chinthucho chinabweretsera zotsatirazo. Inu muli ndi zofotokozera, iwo ali ndi mitu. Musanayambe kulemba, tengani mphindi zochepa mulembe mitu ya zifukwa m'mbali mwa pepala, kenako pa mutu uliwonse muikepo chochitika chimodzi chimene mukuchidziwa bwino.

Ndinakhoza bwino History chaka chatha:

Achemwali, ine ndinene mosabisa, musamalimbane ndi manotsi. Ndime imodzi, mfundo imodzi, mizere inayi kapena isanu, kenako ina. Ine ndinkatero ndipo zinayenda. Masamba ambiri amangokudyerani nthawi ya funso lachiwiri.

Wophunzira za mbiri ku koleji:

Langizo la ndime imodzi mfundo imodzi ndilabwino pa mayeso, sindikutsutsa. Chimene chimandinyansa ndi choti manotsi ambiri amaika zifukwa zonse pa mzere umodzi ngati zikulemera mofanana. America kunalibe kuyambira 1920, asilikali kunalibe kuyambira 1920, koma League yomweyo inathetsa mkangano wa Finland ndi Sweden pa zilumba za Aaland mu 1921, inagawa Upper Silesia pakati pa Germany ndi Poland chaka chomwecho, ndipo mu 1925 inauza Greece kuti ichotse asilikali ake mu Bulgaria, Greece n'kumvera, kulipira ndi chindapusa chomwe. Nanga bwanji zofooka zomwezo sizinaigwetse nthawi imeneyo?

Kwa ine yankho lili pawiri. Mikangano inathekayo inali ya mayiko ang'onoang'ono kapena ofooka. Pomwe panali dziko lamphamvu zinkavuta ngakhale kale, onani za ku Corfu mu 1923, Mussolini anaphulitsa chilumba cha Greece chimenechi koma amene anamaliza n'kulipira ndi Greece. Chachiwiri ndi kugwa kwa chuma kuyambira 1929. Malonda a silika a Japan anagwa, akuluakulu a asilikali n'kupeza mpata wonena kuti chipulumutso chili ku Manchuria kumene kunali malasha ndi chitsulo. Ku Germany anthu osowa ntchito anafika pafupifupi 6 miliyoni ndipo Hitler anakwerera pomwepo. Mayiko amene anthu awo anali pa ulova sakanalola kutaya msika chifukwa cha zilango zothandiza dziko lakutali. Ndiye mlongo wanga, mfundo ya 1929 usaiike kumapeto ngati yongodzazira. Ukaionetsa kuti ndi imene inavundukula zofooka zinazo, essay yako idzasiyana ndi za anzako.

Ndinakhoza bwino History chaka chatha:

Akuluakulu, izi ndi za kukoleji. Mwanayu ali ndi wotchi kutsogolo kwake.

Wophunzira za mbiri ku koleji:

Ziganizo ziwiri m'ndime yomaliza zikwana, sindikuti alembe buku.

Wa sukulu ya masana:

Pepani ndilowerere. Ife funso lathu linali loti chifukwa chiyani Majeremani anadana ndi pangano la Versailles. Ndinalemba kuti asilikali anawachepetsa kufika 100,000, anawaletsa sitima za pansi pa madzi ndi ndege za nkhondo, Alsace-Lorraine inabwerera ku France, ndipo anawalanda maiko awo a mu Africa ngati Tanganyika. Pa chipukuta misozi ndinaika 6,600 miliyoni koma mnzanga akuti ndi 132 biliyoni. Madamu, wataya malikisi ndani?

Mphunzitsi wa History (Dedza):

Palibe, bola aliyense anatchula ndalama yake. 6,600 miliyoni ndi mapaundi a ku Britain, 132 biliyoni ndi ma gold mark a ku Germany, ngongole yake ndi imodzi, ndipo chiwerengerocho chinakhazikitsidwa mu 1921, osati tsiku losaina pa 28 Juni 1919. Koma inunso funso lanu likufunsa chifukwa chodana nalo, osati zimene zinali m'panganomo. Pa 100,000 paja munayenera kuwonjezera kuti Majeremani anaona kuti awasiya opanda chitetezo pomwe anzawo sanachepetse zida. Ndipo ngati simunatchule Article 231 imene inawasenzetsa mlandu wa nkhondo, komanso kuti sanawalole kukhala nawo pa zokambirana, mwasiya ziwiri zimene zinawawawa kwambiri.

Membala wobisa dzina:

Madamu ndayesa kulembanso ndime ya America monga munanenera. Ndayamba ndi kuti League inafooka chifukwa dziko lolemera kwambiri silinali membala. Kenako ndafotokoza mfundo 14 za Wilson za mu 1918 ndi mmene anadwalira akuyendayenda kukopa anthu a kwawo, ndiye Senate kukana, ndiye mafuta a Mussolini. Yakwana mizere khumi ndi iwiri.

Mphunzitsi wa History (Dedza):

Chiganizo choyambacho ndi chimenecho. Za mfundo 14 ndi matenda a Wilson chotsani, sizikuyankha funso ndipo n'zimene zatalikitsa ndime. Siyani Senate ndi mafuta, mutseke ndi mzere wonena kuti zilango za malonda zinalibe mphamvu popanda America. Mukatero lembani ya asilikali pogwiritsa ntchito Manchuria, mudziyese ndi wotchi, ndipo Lolemba mukawaonetse aphunzitsi anu ndime zonse ziwiri pamodzi ndi ya mnzanu uja.