Ulendo wa ku Calama: tauni ya mgodi ya m'chipululu ndiikonzekere bwanji?

Nabiyeni:

Moni nonse. Mwezi wa July ndili ndi ulendo wa ku Calama, kumpoto kwa Chile, ndipo ndikakhalako masiku asanu. Awiri ndi a msonkhano, atatu enawo ndi anga. Zomwe ndikupeza pa intaneti zikungokamba za San Pedro de Atacama, tauni ya alendo oona malo ya m'dera lomwelo, ngati kuti Calama ndi pokwerera basi chabe. Ndinyamule zovala zotani poti ndi kuchipululu? Madzi a pampopi amamwedwa? Mgodi wa Chuquicamata munthu wamba amaloledwa kukauona? Nanga ndigone mu Calama momwemo kapena ndizichokera ku San Pedro? Amene mukuwadziwa malowa ndithandizeni chonde.

aChisale:

Mayi, choyamba iwalani zoti chipululu ndiye kutentha. Calama ili pamalo okwera, mamita pafupifupi 2,260 kuchokera pamene pali nyanja yamchere, ndipo July ndi pakati penipeni pa nyengo yozizira. Masana kumafunda mpaka madigiri 20 kapena kupitirirako pang'ono, koma dzuwa likangolowa chisanu chimabwera nthawi yomweyo, m'bandakucha n'kufika pa 0, mwinanso kutsikirapo. Kumwamba kulibe mitambo, mpweya ulibe chinyezi, ndiye palibe chosunga kutentha kwa masana. Chijasi chimodzi chachikulu sichikuthandizani. Valani mosanjikiza: malaya opyapyala a manja aatali mkati, juzi pamwamba pake, kenako jekete yotchinga mphepo. Pofika 11 koloko ziwiri zapamwambazo mudzakhala mutavula, cha m'ma 6 madzulo mudzazifunanso. Masana kumaomba mphepo ya fumbi, choncho kampango kotseka pakamwa ndi mphuno kasasowe m'chikwama.

Chimene chimazunza alendo kwambiri ndi kuuma. Mvula ya chaka chonse kumeneko ndi mamilimita asanu kapena kucheperapo, ndipo zaka zina sigwa n'komwe. Thukuta limauma lisanaoneke, ndiye munthu amatha madzi m'thupi osazindikira, amangomva mutu kulemera n'kumaganiza kuti ndi kutopa kwa ulendo. Muzimwa malita atatu patsiku, pang'onopang'ono, osadikira ludzu. Mkodzo ukayamba kufiira ndiye kuti mwachedwa kale. Milomo imang'aluka pa tsiku lachiwiri, m'mphuno mumauma mpaka kamfuno, makamaka usiku. Vaseline wopaka pamilomo ndi pakhomo pa mphuno musanagone amathetsa zambiri. Ngati mumavala magalasi a m'maso aja oika padiso penipeni, tenganinso a mafelemu, chifukwa fumbi ndi kuuma zidzakuvulitsani.

Dzuwa la kumeneko musaliyese ndi mmene thupi likumvera. Kunja kumatha kukhala kozizira bwino koma likukuwotchani, poti pamalo okwera mpweya wotchinga cheza chake ndi wochepa. Mafuta oteteza kudzuwa a SPF 50, kupakanso pakatha maola awiri, chipewa cha mlomo waukulu, ndi magalasi akuda. Khungu lakuda nalonso limapsa, makamaka pamphuno, m'makutu ndi kumbuyo kwa khosi.

Za kukwera kwa malo, anthu a kumeneko amati puna. Mu Calama ambiri amangomva befu akakwera masitepe, kamutu pang'ono, ndi tulo tosakoma usiku woyamba. Tsiku lofika idyani chakudya chopepuka ndipo mowa musauyandikire. Vuto lenileni limabwera munthu akafika lero, mawa lake n'kuthamangira ku akasupe otentha a El Tatio, komwe ndi mamita oposa 4,300. Ulendo umenewo usiyeni ukhale wa tsiku lomaliza. Mukayamba kusanza, kudzandira ngati woledzera, kapena kubanika mutangokhala pansi, mankhwala ake ndi kutsika, osati kupirira. Ngati muli ndi vuto la mtima, BP kapena sickle cell, kaonaneni ndi dokotala musanagule tikiti.

Madzi: miyala ya dera limenelo ili ndi poizoni wa arsenic mwachilengedwe. Mzinda wa Antofagasta, wa m'dera lomwelo, unamwa madzi a arsenic wambiri kuyambira 1958 mpaka 1970, ndipo matenda a khansa amene anatsatira madokotala akhala akuwafufuza kwa zaka zambiri. Masiku ano madzi a pampopi amatsukidwa, mukhoza kusamba ndi kutsukira mano, koma ndi olemera mchere ndipo mimba ya mlendo siigwirizana nawo msanga. Gulani chigubu cha malita asanu kapena asanu ndi limodzi m'sitolo, muzithira m'kabotolo. A mumtsinje wa Loa musamwe ngakhale mutawiritsa. Kuwiritsa kumapha tizilombo, koma arsenic amatsalira m'poto momwemo.

Mbwiye wa pa Shifiti:

AChisale anena za thupi, ine ndiyankhe za mgodi.

Chuquicamata, imene aliyense amangoti Chuqui, ili makilomita pafupifupi 16 kumpoto kwa tauni, pamalo okwereranso, cha m'ma mamita 2,850. Kukumba kopa mwa mafakitale kunayamba mu 1915 ndi ndalama za banja la Guggenheim, kenako mgodi unapita kwa kampani ya Anaconda, ndipo boma la Chile linautenga mu 1971. Lero ukuyendetsedwa ndi Codelco, kampani ya boma. Dzenje lake ndi lotalika makilomita oposa anayi, m'lifupi atatu, kuya kwake pafupifupi kilomita imodzi. Ukaima pamwamba, zimalole zonyamula matani oposa 300 zimaoneka ngati nyerere zikukwawa pakhoma la mphika, chonsecho tayala lake limodzi limaposa munthu kutalika kuwirikiza kawiri. Dzenjelo litazama kwambiri, kukweza miyala pa zimalole kunayamba kudya mafuta ndi nthawi yochuluka, n'chifukwa chake mu 2019 anatsegula mgodi wapansi, pansi pa dzenje lomwelo.

Simungangopita pageti ndi takisi n'kupempha kulowa, akubwezani. Alendo amalowa pa basi ya kampani, atalembetsa kale kudzera ku ofesi ya Codelco yoona za alendo ku Calama. Lemberani kudakali milungu iwiri kapena itatu, mutumize dzina ndi nambala ya pasipoti, ndipo mufunse ngati akutengabe alendo komanso masiku amene akutenga anthu mwezi umenewo, chifukwa ulendowu umaimitsidwa kukakhala mphepo yamphamvu, sitalaka kapena ntchito ina yapadera. Muuike pa tsiku loyamba la masiku anu atatuwo, kuti ukalephereka mukhale ndi mpata woyesanso. Chimene chimabwezetsa anthu ambiri pakhomo pa basi ndi zovala. Pamafunika thalauza lalitali, malaya a manja aatali, ndi nsapato zotseka phazi lonse. Siketi, kabudula, masandasi, ayi. Helemeti ndi chovala chowala amakupatsani okha. Pasipoti yeniyeni ikhale m'thumba, osati chithunzi cha pafoni.

Kwa ine chogwira mtima si dzenje, koma tauni yakale ya ogwira ntchito imene ili pambali pake. Munkakhala anthu oposa 20,000, munali masukulu, tchalitchi, bwalo la zisudzo ndi chipatala. Chifukwa cha utsi wa ng'anjo yosungunulira miyala, fumbi, komanso milu ya miyala yotayidwa imene inkayandikira nyumba, mabanja onse anasamutsidwira ku Calama, ndipo pofika 2008 munalibenso munthu. Chipatala chachikulu cha Roy H. Glover chinakwiriridwa ndi milu imeneyo. Miluyo amaitchula kuti tortas, ndipo mlendo amaiyesa mapiri mpaka ataona kuti pamwamba pake ndi posalala ngati tebulo. Pakati pa tauniyo anapasunga, zikwangwani za masitolo zikadali pomwepo, kungoti pamsewu palibe woyenda.

Ngati msonkhano wanu uli ndi gawo lolowa m'kati mwa mgodi ngati mlendo wa kampani, imeneyo ndi nkhani ina. Pamakhala maphunziro a chitetezo musanalowe, nsapato za chitsulo kutsogolo, ndi kuuzira kachipangizo koyeza mowa pageti. Mowa wa usiku wathawu ukhoza kukuchititsani manyazi pamaso pa okuitanani. Afunseni msanga ngati akufuna chikalata cha dokotala, chifukwa malamulo a Chile amafuna kuti ogwira ntchito pamalo okwera kuposa mamita 3,000 ayezedwe kaye, ndipo migodi ina ya m'derali, monga El Abra, ili pamwamba pa pamenepo.

Za kogona, tauniyi imayendera mashifiti. Ambiri amagwira masiku asanu ndi awiri, kupuma asanu ndi awiri, ndipo kwawo ndi kutali, amabwera pandege. Mahotela amadzaza kuyambira Lolemba mpaka Lachinayi, mitengo n'kukwera, kumapeto kwa sabata n'kutsika. Sungitsani chipinda ndi mpando wa ndege mwamsanga, ndipo mufunse mwachindunji ngati m'chipindamo muli chotenthetsera. Tinyumba tambiri togona totsika mtengo tilibe, timangodalira mabulangete.

Nasibeko:

Achemwali, pa funso la kogona ine ndingati masiku a msonkhano ndi tsiku la mgodi gonani mu Calama, awiri otsalawo samukirani ku San Pedro. Kuchokera ku San Pedro m'mawa uliwonse n'kudzizunza. Ndi makilomita pafupifupi 100, ola ndi theka pa msewu wa 23, umene umakwera kupitirira mamita 3,000 usanatsikire kutsidyako, ndipo m'njiramo mulibe pothira mafuta.

Kuchoka ku Santiago ndege imatenga maola awiri kukatera pa bwalo la El Loa, lomwe lili mphindi zochepa kuchokera m'tauni. Pa basi ndi makilomita oposa 1,500, pafupifupi usana ndi usiku wathunthu, ndiye pa masiku asanu musaganizeko. Polowa m'dziko apolisi a PDI, oona za olowa ndi otuluka, amakupatsani kapepala kooneka ngati lisiti ya m'sitolo. Musakataye. Kamafunika potuluka, ndipo mahotela ambiri amakachotsera msonkho wa 19 peresenti mlendo akaonetsa kapepalako ndi pasipoti n'kulipira m'madola. Pa fomu ya SAG, nthambi ya boma yoona za ulimi ndi ziweto, lembani chakudya chilichonse chimene mwanyamula, kaya ndi mtedza, uchi kapena chipatso chotsala cha mundege. Mukalemba, choipitsitsa n'kukulandani basi, koma akachipeza musanalembe ndi chindapusa. Ndalama ndi peso ya Chile. Khadi imagwira m'masitolo akuluakulu, koma ya takisi ndi ya m'midzi ikhale ya m'manja. Magetsi ndi a mavoti 220, mapulagi a timiyendo tozungulira, choncho gulani adaputala.

Kuba kulipo, ndipo kumachitikira kwambiri pokwerera mabasi. Makampani a mabasi ali ndi madepoti awoawo m'malo osiyana, ndiye onetsetsani adiresi pa tikiti. Njira yake ndi yodziwika: wina amakuthirani chinthu pamalaya, mnzake n'kubwera ndi kansalu ngati wachifundo, inu mukuyang'ana banga chikwama chapita. Zikakuchitikirani gwirani katundu wanu, pitirizani kuyenda, mukapukutire kutsogolo. Kachikwama ka pasipoti kakhale pamiyendo, osati pashelefu ya pamwamba. Usiku itanitsani takisi kudzera ku hotela. Apolisi ndi 133, ambulansi 131.

Mukabwereka galimoto, amayendera kumanja, ndipo kunja kwa tauni nyali zikhale zoyaka ngakhale masana. Mudzaona mapikapu ofiira ambirimbiri okhala ndi kamtengo kakatali ka mbendera kumbuyo, amenewo ndi a m'migodi. Mapikapu ndiwo amabedwa kwambiri, choncho ikani galimoto pamalo a mlonda, musasiye kanthu pampando. Misewu ndi yowongoka moti tulo timabwera mosadziwika, ndipo m'mbali mwake mudzaona tinyumba ting'onoting'ono ta maluwa tokumbukira amene anafera pamenepo. M'galimoto musasowe malita asanu a madzi apadera ndi jekete, poti netiweki imaduka mukangotalikira tauni.

Pamene ndikusiyana pang'ono ndi a Mbwiye ndi apa: Calama si mgodi wokha. Ndi malo obiriwira a m'mbali mwa Loa, mtsinje wautali kuposa yonse mu Chile, ndipo anthu ankalima pamenepo kalekale kopa asanakhale bizinesi. Chimanga chawo, choclo calameño, amachinyadira kwambiri, kungoti July si nyengo yake. Pa bwalo la 23 de Marzo pali tchalitchi cha San Juan Bautista cha denga la kopa. Dzina la bwalolo likukumbutsa 23 March 1879, tsiku la nkhondo ya pa Topáter pamene asilikali a Chile analanda tauniyi kwa Bolivia. Mukapeza theka la tsiku pitani ku Chiu Chiu, makilomita 30 ndi kanthu, mukaone tchalitchi cha dothi cha San Francisco cha m'zaka za m'ma 1600. Denga lake ndi la matabwa a mtengo wa cactus omangidwa ndi zingwe zachikopa. Patsogolo pang'ono pali Lasana, mudzi wakale wa miyala womangidwa ngati linga.

Nabiyeni:

Zikomo kwambiri nonse, mwanditsegula m'maso. Ndasintha kale, ndigona masiku atatu mu Calama. Funso limodzi lotsala: wina wandiuza kuti kumeneko kumachitika zivomezi. Ndichite mantha?

aChisale:

Mantha ayi, mayi, koma dziwani chochita. Tizivomezi tating'ono n'tosasowa, ndipo eni dera sadzuka n'komwe pampando. Chachikulu chimene ambiri amakumbukira ndi cha mu November 2007 cha ku Tocopilla, kugombe, chomwe chinafika 7.7 ndipo chinamveka kwambiri mu Calama. Nyumba zatsopano zimamangidwa motsatira malamulo okhwima a zivomezi, ndiye chikayamba musathamangire pamasitepe kapena mu lifiti. Talikirani zenera, bisalani pansi pa tebulo lolimba, mutuluke chikasiya. Mukangolowa m'chipinda werengani kachikwangwani ka kuseri kwa chitseko koonetsa potulukira. Pogona ikani nsapato, jekete, foni ndi pasipoti pamalo amodzi pafupi ndi bedi, chifukwa chikabwera 3 koloko usiku magetsi amatha kuzima, ndipo panja pomwe mukaimepo ndi pa 0.