Kodi medical aid ingalipire uphungu wa munthu amene anazunguzika maganizo ndi namondwe wa Freddy? Ndili ku Mulanje

Wosadzitchula dzina:
Abale, ndigawireniko nzeru. Chidutsireni Freddy mu Malichi 2023, mayi a kunyumba sanabwerere mwakale. Mvula ikangoyamba kugunda pa malata amadzidzimuka, thukuta kamukamu, tulo osabwera. Akati atseke maso amalota madzi ndi miyala zikutsika m'phiri. Ine ndili pa medical aid ya kuntchito ndipo iwo ali pa kadi yanga. Phungu wina wapulayiveti amene ndinamuimbira akuti ndi kashi basi. Pali njira yoti sikimu ilipire? Tili cha ku Chitakale.

Wogwira ntchito za ma claim:
Pepani bambo. Njira ilipo, koma mwayambira kumapeto. Sikimu, kaya ndi MASM kaya ina, imalipira matenda amene adokotala awalemba dzina, osati "kukacheza ndi phungu". Choncho yambani ndi dokotala kapena clinical officer pa chipatala chimene chimalandira kadi yanu. Awaone mayiwo, alembe matendawo ndi kalata yowatumiza kwa katswiri. Ngati apeza kuti ndi PTSD, matenda a mantha osatha amene amadza munthu akakumana ndi zoopsa, nambala yake pa fomu ndi F43.1. Fomu yopanda nambala kapena yongolembedwa "stress" ndi imene imabwezedwa kawirikawiri.

Musanapite kwa katswiriyo, alembereni a sikimu, osati kungoimba foni ayi, kuti yankho likhale m'manja. Afunseni ngati pulani imene muliyo ikuphatikiza kuonana ndi psychologist (katswiri wa za maganizo) munthu asanagonekedwe, chifukwa mapulani ena amangolipira wogonekedwa. Afunseni malire a ndalama pa chaka, shortfall imene muzionjezera nokha ulendo uliwonse, ndiponso ngati pakufunika chilolezo chawo musanayambe. Kenako apempheni mndandanda wa akatswiri amene ali nawo pa mgwirizano.

Pali msampha umodzi. Ngati mayiwo analowa pa kadi Freddy atadutsa kale, sikimu ikhoza kunena kuti matendawo anabwera nawo, ndiye pali nthawi yodikira. Onani tsiku limene munawalembetsa. Musaname pa fomu, akatulukira amakana claim yonse, ndiye kuti pempho lanu loti alipire.

Wosadzitchula dzina:
Analowa 2021. Nanga uja wa kashi uja ndimusiye?

Wogwira ntchito za ma claim:
Ndiye za kudikira sizikukukhudzani. Wa kashiyo mufunseni ngati analembetsedwa ku Medical Council of Malawi. Ngati ali ndi nambala, funsani a sikimu ngati amabweza ndalama mukalipira nokha. Akavomera, lisiti likhale ndi dzina la wodwala, tsiku, nambala ya matenda, nambala ya katswiriyo ndi chidindo, ndipo muzitumiza mwezi womwewo poti ma claim ali ndi nthawi yake yothera. Ngati ali ndi satifiketi ya uphungu chabe, musayembekezere kubwezeredwa kalikonse.

Namwino wa matenda a maganizo, Thyolo:
Bambo, pamene mukudikira makalatawo musakhale chete kunyumba. Chipatala cha boma ndi chaulere. Tengani mayiwo ndi kabuku kawo ka kuchipatala mupite ku Mulanje District Hospital, mukafunse kiliniki ya matenda a maganizo ndi tsiku limene imakhalapo. Akaona kuti pakufunika katswiri wamkulu, amalemba kalata ya ku Queens ku Blantyre kapena ku Zomba Mental Hospital. Anthu akamva Zomba amathawa, amati tikawatsekera. Ayi, PTSD nthawi zambiri munthu amathandizidwa akuchokera kunyumba. Mulanje Mission ndi Malamulo ku Makwasa ndi zolipira, ndiye kumeneko funsani kaye pa kauntala ngati kadi yanu ikugwira. A chipatala cha St John of God ntchito imeneyi amaidziwa, koma ali ku Lilongwe ndi ku Mzuzu, thiransipoti yokha ingakumalizeni.

Chimene ndikufuna ndikuchenjezeni kwambiri ndi diazepam. Munthu akanena kuti sakugona, chapafupi n'kumupatsa timapilitsi timeneti, ena amakagula okha. Usiku woyamba amagonadi. Koma mantha aja sachoka, thupi limazolowera m'masabata ochepa, ndipo posiya amavutika kuposa poyamba. A WHO salimbikitsa mankhwala a mtunduwu kwa munthu amene wakumana ndi zoopsa. Ngati mankhwala akufunika, madokotala amatembenukira ku gulu la fluoxetine kapena sertraline, ndipo amenewa amatenga masabata 4 mpaka 6 kuti muone kusintha. Ambiri amataya botolo pa sabata yachiwiri n'kumati sakugwira. Ngati mayiwo ali oyembekezera, akuyamwitsa kapena akumwa ma ARV, anene adokotala asanalembe kanthu.

Membala wina:
Zimenezi n'zofuna mapemphero basi, musataye ndalama.

Namwino wa matenda a maganizo, Thyolo:
Apemphere ndithu achimwene, palibe akuletsa. Koma munthu wothyoka mwendo timamupempherera ali ndi pulasitala.

Mphunzitsi wa za uphungu, Limbe:
Ndionjezereko za mmene mungasankhire, poti ndalama za sikimu zili ndi malire ndipo mukazithera kwa munthu wolakwika simupezanso zina mpaka chaka chamawa. Mufunseni katswiriyo mosapita m'mbali kuti, "Mumagwiritsa njira yanji pa PTSD?" Mayina awiri amene mukufuna kumva ndi trauma-focused CBT kapena EMDR, njira za uphungu zothandizira munthu amene anakumana ndi zoopsa. Akangoti "tizingocheza, adzapepukidwa", ameneyo angathandize pa mavuto ena koma osati awa.

Njira zimenezi zimatenga maulendo 8 mpaka 12, kamodzi pa sabata, ola limodzi kapena ola ndi theka. Maulendo oyamba amaphunzitsa munthu chimene chikuchitika m'thupi mwake ndi mmene angadzikhazikitsire mtima pansi. Kenako amabwerera pang'onopang'ono ku tsiku lija, kulifotokoza mwadongosolo mpaka ubongo utavomereza kuti linadutsa, ndiponso kuyamba kuyandikira zimene amazipewa, monga kukhala m'nyumba mvula ikugwa. Apa ndi pamene mabanja ambiri amasiyira, chifukwa maloto akhoza kuyamba awonjezeka kaye. Inu mukaona choncho musati zalephera, kauzeni katswiriyo achepetse liwiro.

Werengerani motere: mtengo wa ulendo umodzi kuchulukitsa ka 12, muyerekeze ndi malire a sikimu. Pamwamba pake ikani shortfall ndi minibasi ya anthu awiri kupita ku Limbe ndi kubwera. Zikapanda kukwana, muuzeni katswiriyo pa tsiku loyamba kuti muli ndi maulendo angati, akonze dongosolo lake molingana. Ena amavomera kuti maulendo ena azichitika pa foni, koma funsani a sikimu ngati amalipira zimenezo. Ndipo mayiwo afunseni ngati akufuna wamkazi komanso wolankhula Chichewa. Nkhani zotere sizituluka bwino kudzera mwa womasulira, makamaka womasulirayo akakhala mwamuna wawo.

Wosadzitchula dzina:
Zikomo nonse. Nkhawa yanga ina, kodi abwana kuntchito sadziwa zimene mayi akudwala?

Wogwira ntchito za ma claim:
Claim imachoka ku chipatala kupita ku sikimu, sidutsa pa desiki ya abwana. Imene mukutumiza nokha ya kubwezeredwa ndalama, ipititseni ku ofesi ya sikimu mwachindunji, musaisiye kwa a HR. Dziwaninso kuti sitetimenti imabwera m'dzina la inu mwini kadi, ndiye isungeni pabwino.

Namwino wa matenda a maganizo, Thyolo:
Chomaliza bambo. Mayiwo akayamba kunena kuti bola kufa, kapena kusiya kudya, musadikire kalata ya sikimu kapena tsiku la kiliniki. Chotsani mankhwala a mbewu ndi a makoswe m'nyumba, pasakhale nthawi yoti ali okha, ndipo muwatengere ku chipatala tsiku lomwelo, ngakhale usiku. Ngati ana nawonso akudzidzimuka ndi mvula, imbani 116, ndi nambala yaulere yothandiza ana.