Dioxin ndi furan m'madzi otayidwa a mapepala, alipo anayezapo?

CheLab: Akuluakulu ndithandizeni mutu ukuwawa. Kasitomala wanga kuno ku Mangochi amagaya mapepala akale n'kupanga atsopano, akuyeretsa ndi HTH (klorini wa ufa uja), madzi ake amangotsikira m'ngalande yolowera ku Shire. Tsopano ogula akunja akufuna lipoti la PCDD/F (dioxin ndi furan, mankhwala a poizoni), ma congener (mitundu yake) onse 17 mu TEQ (nambala imodzi yophatikiza ukali wa poizoni wa onsewo), ndipo alemba kuti njira yoyezera ikhale ya ku America ya EPA 1613B. Ine ndili ndi kamakina ka GC-ECD koyezera ma pesticide basi, malire otsikitsitsa oyezera akufuna 10 pg/L (mapikogalamu pa lita) pa TCDD, dioxin woopsa kwambiri, ndiyamba pati? Lipoti akulifuna mwezi uno.

Madala a QC: Iwalani za ECD achimwene. 1613B imafuna makina a HRMS (high-resolution mass spectrometer) ndi ma standard a 13C (carbon-13), inu ntchito yanu ndi kutunga bwino n'kutumiza kunja. Botolo la galasi la amber la lita imodzi, pulasitiki ayi. Poti muli HTH yezani kaye klorini wotsala, akapezeka thirani sodium thiosulfate 80 mg pa lita kuti achotse kloriniyo. Lizikhala pozizira osapitirira 4°C, mumdima.

Mjomba Matope: Mukutaya ndalama za munthu. Dioxin sasungunuka m'madzi, amakakamira ku matope ndi mafuta. Tungani matope a pansi pa ngalandeyo.

CheLab: Mjomba ogulawo alemba madzi, sine ndasankha

Mjomba Matope: Ndiye alandira ND (kutanthauza kuti sanapezeke) pepala lonse, aliyense aombe m'manja, chonsecho zinthuzo zili pansi. Matope.

Mlongo wa ku Malombe: Chenjerani ndi utsi. Tinatungapo pena pake pafupi ndi dzala, anyamata akuotcha majumbo chapomwepo, field blank (botolo la madzi oyera loonera ngati sampulo yaipitsidwa potunga) inabwera yakuda kuposa sampulo yeniyeniyo, lab inakana kusainira ndipo ndalama sizinabwerere. Kuno dioxin wambiri amachokera kootcha zinyalala osati ku mapepala. Musatsegule botolo mphepo ikuchokera kudzala, ndipo wotunga asamasute. Komanso musasefe madziwo kuti aoneke oyera, zoyandamazo n'zimene zanyamula katundu.

Mjomba Matope: Mwamva? Achemwali anena zomwe ndikunena ine. Matope.

Mlongo wa ku Malombe: Ayi mjomba ndati zoyandama, musandiike mawu mkamwa kkkk

Madala a QC: Nkhani yonseyi inayambira ku mafakitale akuluakulu oyeretsa pulp (phala lopangira mapepala) ndi klorini wa gasi, ku America anaipeza m'ma 1980, kenako lamulo la Cluster Rule la 1998 linawakankhira ku chlorine dioxide. Kumeneko amatunga potulukira pa bleach plant (poyeretsera pulp) madzi asanasakanikirane ndi ena, inunso tungani pothira HTH pomwepo. Ife kuno fakitale ya pulp tilibe, paini wa ku Chikangawa anadzalidwira zomwezo, fakitale imayenera kukhala ku Chintheche koma sinamangidwe, moti bwenzi pano tikukangana za nyanja yonse.

Aise wa Field: Vuto lenileni ndi ulendo. Ndi kutentha kwa ku Mangochi ayisi mu cooler box amakhala atasungunuka musanafike pa Liwonde, kondakitala n'kukhazikanso dengu la usipa pamwamba pake. Magetsi akathima usiku firiji nayo yapita. Kulungani botolo lililonse palokha, tumizani awiriawiri poti limodzi limasweka ndithu. Chain of custody (fomu yosonyeza aliyense amene wagwira sampulo) muilembe musananyamuke.

Madala a QC: Funsaninso lab kuti TEQ awerengera ndi ma TEF (manambala a ukali wa congener iliyonse) ati, a WHO a 2005 kapena atsopano a 2022, komanso ND aiwerenga ziro kapena theka la malire. Manambala amasiyana, ogula akhoza kukubwezerani lipoti. Ndalama zikavuta funsani ngati angalole CALUX (njira yopima mwachidule pogwiritsa ntchito ma cell) poyamba.

Mjomba Matope: Chambo cha ku Malombe sichiwerenga lipoti la madzi. Onjezani jagi imodzi ya matope basi.

Aise wa Field: Paja thiosulfate alipo ali naye pafupi? Wathu anaumbika kalekale, ndikufunanso wa ma sampulo a micro Lolemba.