Wodwala akumwa enalapril ndi losartan nthawi imodzi

Wogawa mankhwala: Akuluakulu ndi anzanga pa ntchito, ndikupempha nzeru. M'mawa uno kwabwera mayi a zaka 61 odwala BP ndi shuga, omwenso amamwa ma ARV ndi Bactrim tsiku lililonse. M'buku lawo lakuchipatala mwalembedwa enalapril, mankhwala a BP, koma m'chikwama mwawo ndapezamonso losartan, mankhwala enanso a BP, amene anawalembera kuchipatala china kuti alowe m'malo mwa enalapril atadandaula chifuwa chouma chosatha, chimene enalapril amatha kuyambitsa. Iwo anamva ngati awawonjezera mankhwala, motero kwa milungu itatu akhala akumwa onse awiri. Akuti akaimirira akumva chizungulire, ndipo BP yawo ndi 102/60. Sindinawapatse kanthu, akudikira panja.

Dokotala wa odwala aakulu: Mwachita bwino kuwaimika, achimwene. Mankhwala awiriwa amatseka njira imodzi. Enalapril amaletsa thupi kupanga angiotensin II, chinthu chimene chimafinya mitsempha ya magazi n'kukweza BP, pamene losartan amaletsa angiotensin II yemweyo kugwira ntchito m'mitsempha. Mukawaphatikiza, mphamvu imene impso zimasefera magazi imatsika, komanso aldosterone, amene amathandiza impso kutulutsa mchere wa potassium, amachepa kwambiri, ndiye potassium amaunjikana m'magazi mpaka kusokoneza kugunda kwa mtima. Choopsa n'chakuti munthu akhoza kukhala ndi potassium wokwera osamva chilichonse kufikira atagwa.

Kale ena ankaganiza kuti kuphatikiza kotere kumateteza bwino impso za odwala shuga. Kafukufuku wa ONTARGET wa 2008, wa anthu oposa 25,000, anaphatikiza ramipril (wa gulu la enalapril) ndi telmisartan (wa gulu la losartan), ndipo sanapeze phindu loonjezera pa mtima, koma kukomoka ndi mavuto a impso zinachuluka. Wina wa VA NEPHRON-D, wa losartan ndi lisinopril (wa gulu la enalapril) mwa odwala shuga, anaimitsidwa nthawi isanakwane chifukwa cha potassium wokwera ndi kuvulala kwa impso kwadzidzidzi. Mayiwa ayezedwe creatinine (woonetsa mmene impso zikugwirira ntchito) ndi potassium lero lomwe, ndipo asamwenso mankhwala awiriwa mpaka zotsatira zituluke.

Namwino wa kliniki ya ART: Adokotala, ine nkhawa yanga ili pa Bactrim. Trimethoprim amene ali m'menemo amakweza potassium payekha, ndipo ngati mayiwa ali pa TLD (ma ARV atatu m'piritsi limodzi), tenofovir amene ali m'menemo nayenso amafuna impso zabwino. Afunseninso ngati sakugula Brufen kapena diclofenac, mankhwala aululu amene amatha kuvulaza impso, m'magolosale, chifukwa anthu a msinkhu umenewu ambiri amamwa zimenezi chifukwa cha mawondo ndipo sazitchula pokhapokha mutawafunsa mwachindunji.

Wogawa mankhwala: Amayi, mwalasa. Avomera kuti amamwa Brufen pafupifupi usiku uliwonse, ndiponso sabata yatha anatsegula m'mimba masiku awiri. Zotsatira zatuluka: potassium ndi 5.8, kutanthauza kuti wakwera, ndipo creatinine wakwera poyerekeza ndi wa miyezi isanu yapitayo. Funso langa n'lakuti, kodi tingosiya enalapril n'kupitiriza losartan, poti cholinga cha amene anawalembera chinali chimenecho?

Dokotala wa odwala aakulu: Osati lero. Ndi potassium wa 5.8 komanso impso zimene zikuvutika, onse awiri aime kaye pamodzi ndi Brufen, ndipo mayiwa aonedwe ndi akiliniko (clinical officer) kapena dokotala asanachoke, ajambulidwe ECG (yoona kugunda kwa mtima) ngati makina alipo, ndi kuyezedwanso mawa. Potassium akafika 6.0 kapena ECG ikasintha, agonekedwe. Za Bactrim ndi mlingo wa tenofovir tikambirane ndi a ku ART titawerengera mmene impso zikusefera. Ma ARV asasiyidwe mwachisawawa.

Impso zikabwerera m'malo, losartan yekha angayambidwenso pa mlingo wochepa, chifukwa kwa munthu wa shuga mankhwala amodzi a gulu limeneli ndi othandiza, ndipo magazi ayezedwenso pakatha sabata imodzi kapena ziwiri. BP ikakwera pakadali pano, amlodipine ndiye woyenera, poti amagwira ntchito m'njira ina ndipo sakweza potassium.

Wogawa mankhwala: Zikomo kwambiri. Mayiwa alowa kwa akiliniko, ndipo mapiritsi onse a enalapril ndi losartan ndawasunga kuno kuti asakasokonezeke kunyumba. Akiliniko adula mzere pa enalapril m'buku n'kulemba ndi zilembo zazikulu kuti WASIYIDWA CHIFUKWA CHA CHIFUWA, ASABWEREZEDWE. Ndafotokozeranso mwana wawo amene anawaperekeza, ndipo walonjeza kuti mawa abwera ndi mankhwala ena onse amene ali kunyumba kuti tiwaone.