Bwanji mapaki a ma roller coaster amatseka nyengo yozizira?

Kamtedza:
Anzanga ndithandizeniko nzeru apa. Ndimayang'ana masiku otsegulira a mapaki akuluakulu a zisangalalo aja, okhala ndi ma roller coaster (tisitima tothamanga pa njanji zokwera ndi kutsika), ndiye ndadabwa kuti ambiri chaka sachimaliza, amatseka nyengo yozizira, yomwe kumeneko imagwa cha mu Disembala mpaka Febuluwale. Cedar Point ya ku Ohio, ku America, imatsegula mu Meyi, ikangodutsa Halloween kumapeto kwa Okutobala basi geti amakhoma mpaka chaka chamawa. Alton Towers ku England nayo sizoni yake yeniyeni ndi Malichi mpaka Novembala. Ndiye ndikuti zitsulo zodula mamiliyoni ngati zimenezija zizingokhala phee miyezi 4, kwina mpaka 6, osalowetsa ndi kakobiri komwe, bizinesi yake ndi yotani imeneyo? Chonsecho Disneyland Paris imatsegula chaka chonse, ndipo ku Paris nako kumazizira ndithu, si ku Florida kotentha kuja. Vuto ndi makinawo kapena eni akewo amangochita mantha kuyesa?

Spanala:
Akulu, makinawo nawo ali ndi mbali yake. Ma roller coaster ambiri alibe injini pa sitimayo, tcheni chimangoikokera pamwamba pa chitunda choyamba chija, kapena amaiponya ndi mphamvu poyambira, kenako imayenda yokha ndi liwiro lomwe yatenga mpaka kukafika. Zili ngati kutsetsereka ndi njinga osapalasa n'cholinga choti liwirolo likukwezeni chitunda chinacho. Tsono kukazizira girisi wa m'mabelingi amalimba, sitima imayenda mwaulesi, kukabwera kamphepo kakutsogolo basi imalephera kumaliza chitunda n'kubwerera chambuyo, kugwedezeka uku ndi uku mpaka kuima pachigwa. Kuti muichotse pamenepo ndi ntchito ya tsiku lonse, mwina kukoka ndi zingwe mwina kubweretsa kireni n'kumaphwasula ngolo imodziimodzi. N'chifukwa chake ma coaster ambiri ali ndi malire, kukazizira kufika cha m'madigiri 5 kutsika m'munsi saziyendetsa, ngakhale zimatengera amene anapanga. Mabuleki ndi mageti ambiri amayendera mpweya, chinyezi chikaundana m'mapaipi mwake ndiye mavuto enanso. Zokwera za m'madzi zija musanene n'komwe, amachita kukhetsa madzi onse kuopa kuti mapaipi ndi mapampu angaphulike.

Komanso musaganize kuti geti likakhomedwa mkatimo mumakhala zii. Nthawi imeneyo ndi imene amakaniko amatanganidwa koopsa. Sitima amazitsitsa pa njanji n'kuzilowetsa mu shedi, kumasula chilichonse, mawilo, ma ekiselo, zitsulo zotchingira anthu pamipando zija, kenako kupima zitsulo ndi makina kuti aone ming'alu yosaoneka ndi maso. Ma coaster a matabwa ndiye amadya nthawi zedi chifukwa chaka chilichonse pamakhala zigawo zina za njanji zofunika kukhomanso matabwa atsopano. Ndipo chokwera chatsopano chimene amakulengezerani kuti chibwera chaka chamawa amachimanga nthawi yomweyi popanda ana othamangathamanga pafupi ndi kireni.

MayiWaAwiri:
A Spanala mwafotokoza bwino koma ine ndikuti nkhani yaikulu si girisi ayi, ndi anthu. Mapaki osatseka aja nawonso amakonza zinthu zawo, amangotseka chokwera chimodzi milungu ingapo zina zikuyenda, enanso amakhala ndi sitima yapadera yoti ina ikakhala ku shedi ntchito isaime. Ndiye kukonza kokha sikungatsekese paki yonse.

Funso ndi loti Lachiwiri la mu Januwale, ana ali ku sukulu, makolo ndalama zathera Khirisimasi, kunja kukuda msanga, ndani akalipire tikiti kuti akaime pa mzere mphepo ikumuwomba kumaso? Cedar Point imene mwatchulayo ili pa kamtunda kolowa m'nyanja ya Erie, mphepo yake ya m'nyengo yozizira si yocheza nayo, nyanjayo zaka zina imachita kuundana pamwamba. Koma kuti mutsegule geti, kaya kubwera anthu ochepa bwanji, mukufunikabe oyendetsa chokwera chilichonse, achitetezo, achipatala, ophika, osesa, magetsi, kuwonjezera apo ochotsa chipale m'njira ndi kuthira mchere kuti wina asaterereke n'kukusumirani. Ndipo antchito ambiri a mapaki oterewa ndi ana a sukulu ndi a ku koleji ogwira pa holide, ku America ena amachokera kunja pa viza ya J-1 ya miyezi yotentha yokha. Sukulu zikatsegulira amapita. N'chifukwa chake ngakhale mu Seputembala ndi Okutobala mapaki ambiri kumeneko amangotsegula kumapeto kwa sabata basi, kuzizira kwenikweni kusanafike n'komwe.

Kamtedza:
Mmm apo ndamva amayi. Koma nanga Paris ija? Ana akumeneko sapita ku sukulu? kkkk

Mzungulidziko:
Aise, Paris ndi nkhani ina chifukwa anaimanga dala choncho. Itatsegulidwa mu 1992 anali atawerengera kale za mvula ndi kuzizira, mbali zonse ziwiri za Main Street, msewu wolowera m'pakimo, kuli makonde otseka, Liberty Arcade ndi Discovery Arcade, oti mutha kudutsamo osanyowa, ndipo zokwera zambiri zotchuka zili m'nyumba. Ku Tokyo Disneyland ndiye msewu wolowera wonse anaufolera denga lagalasi. Kuwonjezera apo a ku Pariswo ali ndi mahotela awoawo ndipo alendo amachokera maiko ambiri omwe maholide awo sagwa nthawi imodzi, sadalira anthu oyandikana nawo okha ngati paki ya m'chigawo.

Chitsanzo chabwino kwa ine ndi Efteling ya ku Netherlands, chifukwa iyo inayamba ngati paki yotseka ngati anzake. Mu 1999 anayambitsa Winter Efteling, ataona kuti anthu akubwera, pofika 2010 anayamba kutsegula chaka chonse. Koma taonani zimene ili nazo, nkhalango ya nthano yoyendamo wapansi, zokwera za m'nyumba ngati Droomvlucht ndi Fata Morgana, ndiye nyengo yozizira amakoleza moto panja anthu n'kumaotha. Coaster ina ikaima chifukwa cha chisanu tsiku silinawonongeke. Pamene paki yoti dzina lake lonse lagona pa ma coaster ataliatali, mukatseka amenewo mwatsala ndi chani? Malo oimika magalimoto basi.

Ena anasankha zapakatikati. Tivoli ku Copenhagen, Liseberg ku Gothenburg, Europa-Park ndi Phantasialand ku Germany, ngakhale Canada's Wonderland kufupi ndi Toronto, onsewa amatsegula nyengo ya Khirisimasi, magetsi amitundumitundu, misika, malo otsetserekera pa ayezi, zokwera zina zikuyenda zina ayi. Koma muonetsetse, ikangodutsa Nyuwere, mkati mwa Januwale ambiri amatsekabe. Chimene chimakoka anthu ndi Khirisimasiyo, osati kuti ayamba kukonda kuzizira.

Spanala:
Zoona zimenezo, ndipo amene amayendetsa ma coaster mu Disembala amavutika nawo m'mawa, kuzunguliza sitima yopanda anthu kangapo kuti mawilo atenthe, ena kuikamo zidole zodzaza madzi kuti ilemere, ena kusintha mawilo ndi girisi kuika zogwirizana ndi chisanu. Zimatheka, koma zonsezo ndi ndalama. Ndiye ine ndi amayi aja sitikutsutsana kwenikweni, kungoti iwo akuwerenga za m'thumba ine za mu shedi.

Gologolo:
Ine zonsezi ndimangoti mangani denga basi. Nickelodeon Universe ili mkati mwa Mall of America ku Minnesota komwe kumazizira koopsa, Galaxyland ili mu West Edmonton Mall ku Canada, Lotte World ku Seoul mbali yake yaikulu ili m'nyumba, onsewa Januwale samuwerengera. Kungoti pansi pa denga simungaikemo chinthu ngati Millennium Force, coaster ya ku Cedar Point yotalika mamita oposa 90. Ndipo pena vuto limatembenuka, ku Dubai Global Village imatsegula miyezi yozizirayo n'kutseka kukayamba kutentha.

A Kamtedza ngati mukufuna kupita kwina mu Disembala, musanagule tikiti yang'anani kaye pa webusaiti yawo mndandanda wa zokwera zimene zikuyenda sizoni imeneyo, chifukwa tikiti imalonjeza kulowa pageti, siilonjeza coaster.