Masabata 8 okha, ndiye mwana ndimusiyira ndani?

Mayi_wa_Junior:
Amayi anzanga ndithandizeni nzeru. Ndinachira mwezi watha, ndimagwira pa shopu ina ku Limbe koma ndimakhala ku Chirimba, ndiye abwana akuti masabata 8 akangokwana ndibwerere. Chonsecho kusikelo anesi akutiuza tiziyamwitsa mwakathithi miyezi 6, osampatsa ngakhale madzi. Zitheka bwanji? Bambo ake akuti ingosiyani ntchito koma ya lendi timachita kusonkherana. Lamulo limati chani kwenikweni?

Nyasa_boy:
Abwana anuwo sakunama mayi. Employment Act ya 2000 imati masabata osachepera 8, malipiro onse, komanso ndi kamodzi pa zaka 3. Mu 2021 anawonjezera kuti muziloledwa kuyamwitsa mphindi 30 kawiri patsiku, ndipo abambo nawo ali ndi masabata awiri. Akakuchotsani chifukwa cha mimba ndi mlandu, pitani ku leba.

NaBanda265:
Kkkk mphindi 30 kuchokera ku Limbe kukafika ku Chirimba? Zingothera pa siteji minibasi isanadzadze. Ine ndinakambirana ndi abwana anga kuti mphindizo tiziphatikiza ndiziweruka ola limodzi msanga, mmawa ndinkafinyira mkaka mukapu yotsekera, apongozi nkumamumwetsa. Sizinali zophweka asisi, masana mabere kuwawa bulauzi kunyowa uli pakauntala, koma ntchito sindinasiye. Aku boma bola, amapatsidwa miyezi itatu.

Wa_geni_Mchesi:
Mundikhululukire ndiyankhule ngati olemba ntchito. Ndili ndi kasaluni, atsikana anayi. Mmodzi akapita kokachira malipiro ake onse amatuluka mthumba mwanga, boma silithirapo ngakhale 1 tambala, kwinaku ndikulipiranso wogwirizira malo ake. Ndiye musamadabwe pa intavyu akamafunsa kuti muli pabanja, mwana womaliza ali ndi zaka zingati, akuwerengera zimenezo ndipo amangotenga mnyamata mwakachetechete. Mukangowonjezera masabata koma wolipira nkukhala yemweyo, ovutika akhala atsikana omwe sanalembedwe nkomwe. Pakanakhala thumba loti tonse tizisonkhamo mwezi ndi mwezi ngati zapenshoni zija.

Mlongo_ku_Joni:
Thumbalo kuno ku Joni lilipo, ndi UIF, inshulansi ya boma ya anthu apantchito. Tchuthi ndi miyezi 4, bwana sakakamizidwa kulipira, UIF ndi imene imakupatsa gawo la malipiro. Koma ndi ya amene amadulidwa mwezi ndi mwezi, ife ambiri ogwira mnyumba opanda mapepala ukangooneka mimba madamu amapeza wina. Nchifukwa chake ana amakwezedwa basi kupita kwa agogo ku Mangochi akadali aang'ono.

Mayi_wa_Junior:
Zikomo nonse. Za ola limodzizo ndikawayesa abwana Lolemba, ndipo mayi anga ndawaimbira kale, akuti abwera akamaliza kukolola. Bambo ake za masabata awirizo akuti akuzimva lero, panopa ali phee.