Mwana wanga sakutalika, ndithandizeni nzeru

Abale anga, mnyamata wanga ali ndi zaka 9 koma akulingana ndi mng'ono wake wa zaka 6. Amadya bwino, sadwaladwala, ndipo makolofe si afupi. Anzake amatalika pafupifupi masentimita 5 pachaka, iye buluku la chaka chatha likumukwanabe ndendende.

Adokotala amujambula dzanja lamanzere kuti aone kukhwima kwa mafupa, amutenganso magazi. Akuti mwina kachiwalo ka pansi pa ubongo kotchedwa pituitary sikakutulutsa mahomoni okulitsa okwanira. Akutchula jakisoni wa tsiku lililonse, wobaya pansi pa khungu, mpaka mafupa atasiya kukula.

Alipo amene mwana wake analandirapo? Kusintha kunayamba kuoneka liti? Nanga mutu unkamupweteka? Zoti ndizimubaya ndekha kunyumba ndiye zikundiopsa kwambiri, munazolowera bwanji?